Anasenza Nsapato Pamutu: Mbiri ya Mayi Ebelesi Tembo

Malemu amene atisonkhanitsa pano lero, Mayi Ebelesi Tembo, amene ambirife tinkawaitana kuti aNamwale, anabadwa pa 9 Juni 1946 m'mudzi uno wa kuno ku Pembamoyo, m'boma la Chadiza. Anali mwana wachitatu mwa ana asanu a malemu Bambo Fulansisi Mwale ndi malemu Mayi Agnesi Mwale, alimi a chimanga ndi mtedza. Anabatizidwa akadali wakhanda m'katchalitchi kaudzu kamene kanali pamalo pamene paima tchalitchi chathu cha njerwa tsopano.

Mafumu athu, Bambo Mfumu, akuluakulu a mpingo ndi a chipani, abale ndi alongo nonse, ine ndine Agostino Banda, mwana wa ang'ono awo a malemu. Sindinazolowere kuyankhula pamaso pa anthu ochuluka chonchi, choncho mundikhululukire ndikalakwitsa powerenga. Atsibweni anga, Bambo Zebron Mwale, amene ndi mwini mbumba, ndiwo andituma kuti ndiwerenge mbiriyi m'malo mwa banja. Andiuzanso kuti ndinene poyambirira pomwe chinthu chimene tonse tikuchidziwa, ngakhale kuti palibe amene wachitchula mokweza. Chiyambire maliro ano Lachiwiri, pali mayi mmodzi amene sanaloledwe kulowa m'siwa. Akhala okha kuseri kwa nkhokwe uko. Amenewo ndi Mayi Imelda Mwale, aNaphiri, alamu awo a malemu. Kwamveka kuti iwo ndiwo achititsa imfayi, ndipo ena anena kuti tikangochoka kumanda apirikitsidwe m'mudzi muno. Mbiri imene ndiwerengeyi ikhudza nkhani imeneyo, chifukwa malemu eni ake anapempha kuti itero. Ndikupemphani kuti mundimvere mpaka kumapeto.

Malemu anayamba sukulu m'chaka cha 1955 pasukulu ya m'mudzi muno. Monga ana onse a nthawi imeneyo, ankayenda chosavala nsapato, ndipo sankaona kuti pali chimene chikuwasowa. Amayi anga amakumbukira kuti akulu awowa anali mtsikana wamtali, waliwiro, wosachedwa kuseka ndiponso wosachedwa kupsa mtima. Ankaluka mpira wa nsanza, n'kumauponya m'dengu lobooka limene analimangirira panthambi ya mtengo wa mango, mpaka agogo anawadandaula kuti mwana wamkazi ameneyu adzatha madengu onse a m'nyumba.

M'chaka cha 1961 anasankhidwa kupita kusukulu ya atsikana yogonera komweko ya kumishoni. Kumeneko ndi kumene anakumana ndi mtsikana wa ku Zemba, dzina lake Imelda Phiri, wochokera m'banja losunga mwambo wa gule wamkulu, amene anabatizidwira kusukulu komweko. Awiriwa anagwirizana pabwalo la mpira wamanja. AImelda ankasewera pakati, malemu ndiwo ankaponya mpira m'mkombero. Amene anawaona akusewera amanena kuti aImelda ankaponya mpira osayang'ana, chifukwa ankadziwa kale pamene mnzawoyo aimirire.

Mu Okutobala 1964, pa chikondwerero cha ufulu wa dziko lathu, timu ya sukulu yawo inasankhidwa kukasewera ku Fort Jameson, kumene lero timati ku Chipata. Bwalo la kumeneko linali la timiyala, ndipo dzuwa la mwezi umenewo mukulidziwa. Asisitere amene ankayang'anira masewera anaopa kuti atsikanawo akasupuka mapazi, motero anawagulira nsapato zosewerera: zoyera, za nsalu ya kanivasi, zapansi pa mphira, zomanga ndi zingwe. Izi ndi zimene kuno timazitcha matenesi. Kwa malemu ndi kwa aImelda, zimenezi zinali nsapato zawo zoyamba chibadwire. Phazi la awiriwa linali limodzi, moti ankasokoneza nsapato zawo m'chipinda chogona kufikira aImelda atasokerera kaulusi kofiira pa zawo. Mpikisano womaliza anagonja. Malemu, pofotokoza za tsikulo, ankaseka n'kumati, "Anatigonjetsa chifukwa tonse tinkayang'ana kumapazi, mpira ukudutsa pamwamba."

Atamaliza Sitandade 6, anabwerera kuno m'chaka cha 1965 ndipo anayamba kuthandiza aphunzitsi pasukulu ya m'mudzi muno. Ankaphunzitsa atsikana kusoka ndi mpira wamanja. Ntchito imeneyi anaigwira zaka zambiri, ngakhale kuti mwayi wopita kukoleji sunawapeze. Matenesi aja anabwera nawo, ndipo pa nthawi imeneyo aliyense ankawaona ngati chida cha pabwalo la masewera basi, monga mpira kapena wezulo.

Pa 20 Ogasiti 1966 anamanga ukwati woyera ndi Bambo Dominiko Tembo, amene akhala patsogolo apawa. Pa ukwati umenewu ndi pamene panayambira nkhani ya nsapato imene yatsatira malemu moyo wawo wonse. Anawabwerekera nsapato za gogoda kwa mkazi wa kalaliki wina wa kuboma, koma zinali zothina. Atayenda nazo kuchoka pakhomo kufika pamsewu, anakhala pansi, anazivula, natuma mng'ono wawo kuti athamangire kunyumba akatenge matenesi. Anali atawachapa dzulo lake ndi kuwapaka choko chonyika m'madzi. Analowa m'tchalitchi atavala diresi loyera ndi nsapato za mpira. Akuluakulu ena anakhumudwa. Anyamata anafuula kumbuyo kuti, "A Tembo, gwirani zolimba, mkwatibwi wavala zothawira!" Bambo Tembo anayankha kuti sakuopa kuthawidwa, chimene akuopa ndi chakuti iwo eni ake sadzatha kuthawa mkazi waliwiro chotere. Koma atsikana amene analipo anaona chinthu china. Anaona mkwatibwi akuvina tsiku lonse osatsimphina, mapazi ake akuwala m'fumbi.

Chaka chotsatira, mkwatibwi wina anabwera kudzabwereka matenesi omwewo. Kenako wina, kenakonso wina. Malemu sankakaniza. Phazi likachepa ankaika thonje kutsogolo, likakula ankamasula zingwe. Amayi anga amati matenesi amenewo anakwatitsa theka la atsikana a ku Pembamoyo. M'chaka cha 1968 malemu anakwaniritsa chimene ankachilakalaka: anadziwitsa mnzawo uja Imelda kwa achimwene awo, malemu Bambo Filimoni Mwale, ndipo awiriwo anakwatirana. Popeza Bambo Filimoni anali ndi ng'ombe ndi munda waukulu kuno, anapempha chitengwa, ndipo aNaphiri anasiya kwawo ku Zemba kudzakhala pakati pathu. Amene anawaveka nsapato m'mawa wa ukwatiwo ndi aNamwale, atagwada pansi.

M'zaka za m'ma 1970 matenesi anachoka pabwalo la masewera n'kulowa paliponse. Mayi akagulitsa mtedza wake wa chalimbana, chinthu choyamba kugula chinali chitenje, chachiwiri matenesi. Amalonda ankawamangirira pa njinga n'kumazungulira nawo m'midzi. Akwaya anayamba kuwavala, anamwino a pachipatala chaching'ono anawavala, anyamata nawonso anawavala pansi pa mathalauza awo otambalala kumiyendo. Amayi a kuno akaitanidwa ndi chipani kukavina kuboma pobwera alendo, anthu ankawazindikira ali patali chifukwa cha mzere wa mapazi oyera. Nsapato zina zinabwera n'kupita. Zapulasitiki zinkawotcha mapazi ndipo zinkang'ambika, zazitali zidendene zinagwetsa anthu m'maenje, koma matenesi anakhala.

Ndili mwana ndinawafunsapo malemu chifukwa chake nsapato imeneyi sikutha fasho. Anandiyankha kuti nsapato yachikopa imafuna phazi la mu ofesi, pamene tenesi imavomera phazi lotambalala la munthu wolima, imachapika ngati malaya, ndipo palibe chitenje chimene imakangana nacho. Koma chimene ankachikonda koposa chinali china. Ankati amayi akaima pamzere atavala matenesi, kuyambira m'kakolo kutsika pansi sungadziwe kuti mkazi wa ahedi a sukulu ndi uti, wamasiye ndi uti. Ndikupemphani kuti mawu amenewa muwasunge, chifukwa tibwereranso kwa iwo.

Amayi ambiri muli pano munaphunzira kwa malemu kasamalidwe ka nsapato zimenezi. Ankachapa ndi chitsononkho, kupaka choko kapena dothi loyera la kumtsinje akadali onyowa, kulowetsa makoko a chimanga m'kati kuti asakwinyike, n'kuyanika padenga la nkhokwe pamene nkhuku sizifika. Loweruka lililonse masana, madenga a nkhokwe za m'mudzi muno ankayera ngati pagwa akakowa.

M'chaka cha 1978 anasankhidwa kukhala wapampando wa bungwe la amayi a mpingo wathu, udindo umene anaugwira mpaka tsiku la imfa yawo. Anatsogolera amayi poumba njerwa za tchalitchi chatsopano, poyendera odwala ndi pogona pamaliro. Palibe siwa ya m'dera lino imene malemu sanagonemo. Pa nthawi yomweyo amayi anagwirizana lamulo lakuti pa masiku a zikondwerero zazikulu, aliyense woyenda pa mdipiti avale bulauzi yoyera, chitenje cha bungwe ndi matenesi oyera. Lamuloli silinapweteke munthu pamene linkakhazikitsidwa, pakuti nsapatozo zinali m'sitolo iliyonse ndipo zinali zotsika mtengo.

Zimene zinachitika kuyambira cha m'ma 1980 sindikuyenera kukufotokozerani, chifukwa tikadali m'kati mwake. Sopo anasowa, mchere unasowa, mafuta ophikira anasowa, ndipo matenesi nawonso anasowa m'masitolo a kuboma ngakhale a ku Chipata. Amene anali nawo anayamba kuwasunga ngati dzira. Apa ndi pamene panabadwa chizolowezi chimene tonse tachiona. Lamulungu m'mawa mayi amakulunga matenesi ake m'kansalu, n'kuwasenza pamutu, n'kuyenda ulendo wonse chosavala. Akafika pakamtsinje ka kumunsi kwa tchalitchi amasamba mapazi, n'kuvala atakhala pamwala uja umene tsopano timautcha mwala wovalira. Misa ikatha amavulanso pamwala womwewo. Nsapato imene inapangidwa kuti iteteze phazi la munthu wothamanga inayamba kuyenda pamutu, phazi likuponda minga. Poyamba malemu ankadana nacho chizolowezichi. Ankakalipira amayi anzawo kuti, "Nsapato si mtsuko, inu, tsitsani muvale!" Koma matenesi awo atayamba kutha, ndipo pokhala wapampando amene aliyense ankayang'ana kumapazi kwake, nawonso anayamba kusenza.

Mu Malichi 1983 Bambo Filimoni Mwale anamwalira. Mbumba inakhala pansi ndipo inavomereza kuti aNaphiri asabwerere ku Zemba, koma akhale pamunda wa amuna awo alere ana. Chaka chotsatira ng'ombe zawo zinafa ndi matenda, ndipo ngolo imene Bambo Filimoni ankanyamulira thonje inaolera pambali pa khola. Kuyambira pamenepo aNaphiri akhala movutika. Matenesi awo anabooka kutsogolo. Anawasoka ndi ulusi wa thumba la feteleza, anawasokanso, mpaka choko chinalephera kubisa zigamba.

Tsopano ndafika pa gawo limene likundilemera. Lamulungu pa 16 Ogasiti chaka chino, pa chikondwerero cha Amayi Maria Wokwezedwa Kumwamba, amayi anandandalika panja pa tchalitchi kuti ayambe mdipiti. Malemu, poyendera mzere monga wapampando, anaima pa aNaphiri, anayang'ana kumapazi kwawo, ndipo anawauza pamaso pa anthu kuti achoke pamzere akakhale m'tchalitchi, chifukwa nsapato zawo zichititsa manyazi bungwe. ANaphiri anachoka akulira. Asanalowe anatembenuka nanena kuti, "Alamu, tiona ngati mudzapita nawo kumanda matenesi anuwo." Ambiri mwa inu munawamva mawu amenewo. Banja silikukana kuti ananenedwa, ndipo aNaphiri sanakanepo.

Bambo Tembo atiuza kuti kuyambira tsiku limenelo malemu sanapezenso mtendere. Tsiku lina anawauza amuna awo kuti lamulo lija analikonda chifukwa linkabisa umphawi wa munthu, ndiye iwo alitenga n'kuvulira nalo mnzawo pagulu. Kumayambiriro kwa Sepitembala, mwana wawo Monika, amene amakhala ku Kitwe, anawatumizira matenesi atsopano kudzera mwa munthu wina wobwera kumudzi. Malemu sanawayese n'komwe. Anati awa ali ndi mwini wake.

Lamulungu pa 6 Sepitembala analawira m'mawa, koma sanalunjike kutchalitchi. Anadzera kanjira ka kuseri kopita kunyumba kwa aNaphiri, kodutsa pakhola lakale lija. Pamutu anasenza kansalu, m'kati mwake muli mapeyala awiri a matenesi: atsopano aja, oti akapereke kwa alamu awo popepesa, ndi awo akale, oti akavale pamwala wovalira. Abale anga, munthu ameneyu anasenza nsapato zinayi pamutu, koma pansi ankaponda ndi phazi lopanda kanthu. Pafupi ndi khola anaponda msomali wadzimbiri umene unali pathabwa la ngolo yoola ija, litakwiririka ndi ndowe zouma. Msomaliwo unalowa kwambiri.

ANaphiri ndiwo anamva kukuwa, ndipo anathamangira komweko. Anazula msomaliwo, anatsuka balalo ndi madzi ofunda othira mchere wawo womaliza, anang'amba chitenje chimene anavala namanga phazilo. Anawachonderera kuti apite kuchipatala tsiku lomwelo. Malemu anakana. Anati, "Kabala kakang'ono aka? Ine ndaponda zingati m'moyo mwanga?" Kenako anamasula kansalu kaja napereka matenesi atsopanowo, napepesa. ANaphiri, mtima ukadali wowawa, anati chipepesocho achimva, koma nsapatozo ayambe aziganizira. Malemu anazikulunganso, napita ku Misa akutsimphina. ANaphiri sanapite, chifukwa chiyambire tsiku la mdipiti lija anali asanapondenso kutchalitchi.

Zimene anthu anaona m'mawa umenewo ndi zochepa. Anaona malemu akutuluka pakhomo pa munthu amene anakangana naye, akutsimphina, phazi litamangidwa ndi nsalu ya munthu yemweyo. Pamenepo ndi pamene panamera nkhani yonse imene yakula masiku ano.

Balalo linaoneka ngati lapola pamwamba, ndipo malemu anapitiriza ntchito zawo. Pa 15 Sepitembala anayamba kudandaula kuti nsagwada zikuwauma. Bambo Tembo anayesa dzino. Tsiku lotsatira khosi linauma, msana unayamba kupindikira kumbuyo, ndipo chitseko chikangomenyetseka thupi lonse linkakokeka. Amene munabwera kudzazonda munaona zinthu zoopsa, ndipo sindikukunenani chifukwa chochita mantha, pakuti inenso ndinachita mantha. Koma pakhonde panayamba manong'onong'o akuti matenda otere si a Mulungu, kuti aponda mankhwala otchera panjira, kuti wotcherayo akudziwika ndipo kwawo n'kwa anthu a kudambwe. Malemu thupi linali litauma, koma makutu ankamva, ndipo nzeru zawo zinali zonse.

M'mawa wa pa 17 Sepitembala, ngolo yowanyamula kupita kumsewu itaima kale pakhomo, anaitanitsa atsibweni anga Bambo Zebron Mwale, akatekisiti athu Bambo Bernado Zulu, ndi amuna awo. Inenso ndinali m'chipindamo. Kamwa silinkatseguka, choncho ankayankhula kudzera m'mano, pang'onopang'ono, akupumira. Anafotokoza zonse zimene ndawerengazi: za kanjira ka kukhola, za msomali, za mchere ndi chitenje chong'ambidwa. Anati wolakwa pa tsiku la mdipiti anali iwo, ndipo zimenezi zidzanenedwe poyera ngati sadzabwerako, pakuti anamunyoza mnzawo poyera. Anatinso lamulo lija la matenesi oyera pa mdipiti lithe. Anawagwira dzanja atsibweni nati, "Achimwene, Imelda ndinabwera naye ndine m'mudzi muno. Musadzamuchotse m'dzina langa."

Lole yonyamula chimanga inawatenga pamsewu kupita nawo kuchipatala chachikulu. Madokotala atangowaona anati ndi kafumbata. Anatifotokozera kuti tizilombo ta matendawa timakhala m'dothi ndi m'ndowe, timalowa pabala lakuya ngati la msomali, ndipo bala likatsekeka pamwamba ndi pamene timakula bwino. Anatinso kuuma nsagwada ndi kupindika msana ndiwo maonekedwe ake kwa munthu aliyense, kaya ali ndi mdani kaya alibe. Anayesetsa ndithu, ndipo banja lilibe nawo chifukwa. Malemu analandira sakramenti la kudzoza odwala Lolemba, ndipo Lachiwiri pa 22 Sepitembala 1987, dzuwa litapendeka, anatisiya ali ndi zaka makumi anayi ndi chimodzi.

Ine sindine dokotala, ndiponso sindine wamkulu woti ndingalangize akuluakulu. Ndikudziwa kuti imfa ya munthu wamphamvu, amene sabata zitatu zapitazo ankasenza mtolo wa nkhuni, ndi yovuta kuilandira popanda woloza chala. Ndikudziwanso kuti ena mwa ife, ngakhale a m'banja momwemuno, simukhutira ndi zimene ndawerengazi, ndipo mtima wanu sungasinthe chifukwa mnyamata wawerenga pepala. Koma ndikufunsani modzichepetsa kuti muganizire chinthu chimodzi. Msomali uja unakhala pakanjira kaja zaka zitatu. Akanavala nsapato imodzi mwa zimene anasenza, bwenzi lero tili kumunda kusosa. Ngati tikufuna chimene chinawatchera aNamwale, tichifune pa chizolowezi chimene tonse tinachilola, chokonda kuyera kwa nsapato kuposa phazi la mwini wake. Pa mlandu umenewu palibe nyumba ya m'mudzi muno imene ingaloze inzake.

Chifukwa cha zimenezi, mwini mbumba, atakambirana ndi Bambo Tembo, ana a malemu ndi amfumu, andituma kuti ndilengeze izi. Mayi Imelda Mwale sachoka m'mudzi muno. Munda wa malemu amuna awo ndi wawo ndi ana awo monga mbumba inagamulira kale, ndipo aliyense wokhudza nyumba yawo adzakhala atalimbana ndi banja la a Mwale. Abale awo a ku Zemba, amene aima patali chifikireni m'mawa, asendere pafupi alandire malo. Mwambo wa kwawo si mlandu, ndipo abwera kudzalira nafe.

Matenesi atsopano aja ali apa, m'kansalu komweko, m'manja mwa Monika. Malemu anati aperekedwe kwa mwini wake, ndipo awavale pomwepo, asawasenze. Anatiuzanso mawu ena amene ndazengereza kuwalemba, koma atsibweni anati ndisachotsepo kanthu. Ngakhale ululu unali waukulu, anayesa kumwetulira nati, "Mukawauze alamu kuti ananena zoona. Sindipita nawo." Motero amayi amene anasambitsa thupi achita monga malemu anafunira. M'bokosi umu aNamwale agona chosavala nsapato, monga anabadwira.

Atsibweni andiuza kuti ndikafika pamenepa ndiime, ndisapitirize kufikira amayi a bungwe atapita kuseri kwa nkhokwe kukawatenga aNaphiri, kuwalowetsa m'siwa kuti aone nkhope ya mnzawo, ndi kuwakhazika pafupi ndi bokosi. Ndidikira.

Zikomo, amayi. Zikomo, aNaphiri, chifukwa chovomera kubwera. Tikudziwa kuti sikunali kopepuka.

Malemu asiya amuna awo, Bambo Dominiko Tembo, ndi ana asanu: Monika, Bonifasi, Felicia, Ezekiel ndi Maybin, amene akadali pasukulu ya pulayimale. Asiya zidzukulu ziwiri. Asiya achimwene awo, Bambo Zebron Mwale, ndi ang'ono awo, Mayi Kristina Banda. Asiyanso alamu awo ndi mnzawo wa pa ubwana, Mayi Imelda Mwale, pamodzi ndi ana awo, amene malemu ankawatenga ngati awo.

Banja likuthokoza amfumu chifukwa cha malo ndi uphungu wawo, Bambo Mfumu ndi akatekisiti chifukwa cha mapemphero, ndi adzukulu amene akumba manda m'nthaka youma ya mwezi uno. Likuthokoza amene anabwereketsa ngolo ndi ng'ombe, adalaivala a lole amene anaima pamsewu osafunsa malipiro, madokotala ndi anamwino, akalipentala amene akhoma bokosi, a nthambi ya chipani, aphunzitsi ndi ana a sukulu. Amayi amene mwatunga madzi, mwabweretsa ufa ndi nkhuni pa nthawi yosowa ino, ndipo mwagona pansi ndi ofedwa, mawu athu ndi ochepa, Mulungu yekha akubwezereni.

Pempho lomaliza la banja likupita kwa amayi a bungwe. Ndikuona ambiri mwa inu mwabwera ndi timitolo tanu, ndipo mwavala matenesi mutafika pano. Njira ya kumanda ndi yafumbi, ili ndi zitsa ndi minga, ndipo ndikudziwa kuti ena mukuganiza kale zovula. Musavule. Alekeni ade. Mdipiti wa lero autsogolera aNaphiri, ndipo amene nsapato zake ndi zazigamba, kapena alibe n'komwe, alowe pamzere womwewo, pakuti wapampando wanu analichotsa yekha lamulo lija asanatisiye.

Amayi athu aakulu, aNamwale, munathamanga kwambiri m'moyo uno, ndipo ulendo wanu womaliza pakati pathu unali wopita kukapepesa. Uthenga wanu taupereka, katundu amene munasenza wafika kwa mwini wake. Ambuye akulandireni pamalo opanda minga, ndipo mzimu wanu uuse mumtendere wosatha.